Mbuzi za pachilumba chopanda mudzi: anazisiya ndani?

Kwathu kuno mbuzi imadziwika ndi mwini wake. Ikangolowa m'munda wa chimanga, funso loyamba limakhala lakuti ndi ya kwa yani, ndipo dzuwa lisanalowe nkhani imakhala itafika kale kwa amfumu. Koma m'nyanja zikuluzikulu zamchere muli tizilumba topanda mudzi, topanda khola, tina topanda ngakhale chitsime, pomwe mbuzi zakhala zikuswana zokha kwa zaka mazanamazana. Ukafunsa kuti zinabwera ndi yani, aliyense amakhala ndi yankho lake, koma wokhala ndi umboni amasowa. Funsoli si longocheza nalo pamphasa. Nthawi zambiri yankho lake ndi limene limagamula ngati mbuzizo zisungidwe kapena ziwomberedwe.

Kodi mbuzi zimenezi ndi nyama zakutchire zenizeni, ngati chinkhoma kapena mbawala?

Ayi. Mbuzi yakutchire yeniyeni iliko, ndipo ndiyo kholo la mbuzi zonse zimene timaweta. Imatchedwa bezoar, ndipo kwawo ndi kumapiri a Turkey, Iran, Caucasus mpaka Pakistan. Anthu anayamba kuiweta zaka pafupifupi 10,000 zapitazo cha kumapiri a Zagros, kumadzulo kwa Iran. Pamalo ena otchedwa Ganj Dareh, akatswiri ofukula zakale anapeza njerwa zadothi zodindika ziboda za mbuzi. Munthu anaumba njerwa zake n'kuziyanika, mbuzi n'kubwera kudzapondapo zisanaume, monga zimachitira lero lomwe pakhomo pa aliyense woumba njerwa osatchinga. Nyama yakutchire siyendayenda pakati pa mudzi choncho. Zimenezo zinali zoweta.

Mbuzi za pazilumba ndi zidzukulu za mbuzi zoweta zimene zinasowa mbusa n'kubwerera kutchire. Pa ziweto zonse, mbuzi ndi imene sichedwa kuiwala khola. Ioneni m'chilimwe ikangomasulidwa pachikhomo: yakwera pachulu, yaimirira ndi miyendo iwiri kuti ifikire masamba a mthethe, yasenda khungwa la mtengo, yadya ndi zimene ng'ombe imangonunkhiza n'kudutsa. Chiweto chotere ukachisiya pathanthwe pakati pa nyanja, popanda fisi, popanda kambuku, sichilira mbusa.

Sizingatheke kuti zinasambira zokha, kapena zinaliko kale chilumbacho chisanadukane ndi mtunda?

Mbuzi imasambira ikapanikizika, koma amene anawetapo amadziwa mmene imadanira ndi madzi. Mvula ikangowaza, yathawira kale pakhonde. Zilumba za Juan Fernández zili makilomita oposa 600 kuchokera kugombe la Chile. St Helena ili pafupifupi makilomita 1,900 kuchokera kugombe la Africa. Zilumba zimenezi zinatumphuka pansi pa nyanja chifukwa cha mapiri ophulika, sizinalumikizanepo ndi mtunda. Kumeneko mbuzi singafike popanda bwato.

Chimene chinasokoneza akatswiri nthawi yaitali ndi chilumba cha Crete ku Greece. Kumeneko kuli mbuzi yotchedwa kri-kri, yofiirira, ya mzere wakuda pamsana, nyanga zake zopindikira kumbuyo ngati chikwakwa. Imafanana kwambiri ndi bezoar moti inalembedwa m'mabuku ngati mbuzi yakutchire yeniyeni. Koma mapanga a ku Crete anaulula zina. Muli mafupa a nyama zimene zinkakhalako kalekale: agwape, mvuu zazing'ono, njovu zazing'ono. A mbuzi mulibe. Mafupa a mbuzi amayamba kuoneka pamodzi ndi alimi oyamba, amene anamanga mudzi pa Knossos zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Kafukufuku wa DNA amene anatuluka mu 2002 anagwirizana ndi mafupawo: kri-kri ndi mbuzi yoweta imene inawolotsedwa pabwato, n'kuthawira kumapiri isanasinthidwe kwambiri ndi manja a anthu. Ndicho chifukwa chake ikuonekabe ngati makolo ake.

Nyama yokhala ngati mbuzi imene inafikadi pachilumba ndi miyendo yake ndi ya ku Mallorca, yotchedwa Myotragus. Makolo ake anawoloka zaka zoposa 5 miliyoni zapitazo, nthawi imene nyanja ya Mediterranean inaphwera. Inali yaifupi, maso ake oyang'ana kutsogolo. Inatha zaka zoposa 4,000 zapitazo, cha pa nthawi imene anthu anafika, ndipo mbuzi zimene zili m'mapiri a Mallorca lero si zidzukulu zake.

Nanga munthu wanzeru zake angasiye bwanji chiweto chake pachilumba chopanda anthu?

Sanali kutaya, anali kusunga. M'nthawi ya zombo zoyendera mphepo, ulendo umodzi unkatenga miyezi. Amalinyero ankadya nyama yothira mchere ndi mabisiketi ofumbwa, ndipo ambiri ankafa ndi matenda otupitsa nkhama chifukwa chosowa chakudya chatsopano. Choncho woyendetsa chombo akapeza chilumba panjira yake, ankatsitsapo tonde mmodzi ndi mbuzi zazikazi ziwiri kapena zitatu, podziwa kuti akadzadutsanso adzapeza ndiwo zikuyenda zokha. Chilumba chinkasanduka nkhokwe.

Apwitikizi anachita zimenezi pa St Helena atangochipeza mu 1502. Pa Auckland Islands, zilumba zozizira kum'mwera kwa New Zealand kumene zombo zambiri zinkasweka, m'zaka za m'ma 1800 anatsitsako mbuzi dala, n'kumanganso tinyumba tosungiramo zovala ndi chakudya, kuti opulumuka pangozi asafe ndi njala. Kwina mbuzi zinkangothawa. Mu 1813, David Porter, mkulu wa chombo chankhondo cha America chotchedwa Essex, anatsitsa mbuzi zinayi pachilumba cha Santiago ku Galápagos kuti zidyeko msipu. Tsiku lina zinalowera kumapiri osabweranso. Kwinanso mudzi unkatha, anthu n'kusamuka, ziweto zimene zinakana kugwidwa n'kutsala.

Ngati ndi anthu anazisiya, bwanji sitikuwadziwa? Palibe amene analemba?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Porter analemba chifukwa anali mkulu wa chombo cha boma, ndipo kulemba inali mbali ya ntchito yake. Koma anthu ambiri amene ankaima pazilumbazi anali asodzi, osaka anamgumi, osaka akatumbu a m'nyanja, okumba zitosi za mbalame, achifwamba apanyanja. Ambiri sankadziwa kulemba. Odziwa kulembawo sankaona kutsitsa mbuzi ngati nkhani. Ndani amalemba tsiku limene anagula thadzi la nkhuku? Ndipo wachifwamba kapena msodzi amene wadzisungira ndiwo pachilumba sangalengeze, kuopa kuti anzake akamudyera.

Chachiwiri n'chakuti mbuzi sizinkafika kamodzi. Chombo china chinkasiya ziwiri, n'kufa. Patapita zaka makumi anayi china n'kusiya zitatu, n'kuswana. Kenako mlimi n'kubwera ndi tonde wake wochokera kwina. Pa Santiago pomwepo, mbuzi zina zinabweretsedwanso kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, choncho zinayi za Porter zija, ngakhale zinalembedwa, sitinganene kuti ndizo zokha makolo a zonse.

Tsono pamene palibe cholembedwa, anthu amadzazapo dzina lotchuka. Pazilumba zina za kumadzulo kwa Scotland, monga Colonsay, anthu amati mbuzi zawo zinasambira kuchokera m'zombo zankhondo za Spain zimene zinasweka mu 1588. Nkhaniyo ndi yokoma, koma alimi a kumapiri ndi zilumba za Scotland ankaweta mbuzi zambirimbiri kwa zaka mazana, mpaka pamene eni minda anawasamutsa kuti aikepo nkhosa. Mlimi wosauka amene anachotsedwa pamunda wake n'kusiya mbuzi kuphiri alibe dzina m'mbiri, ndiye ulemu wonse wapita kwa zombo za mfumu ya Spain. Ine ndikamva mbuzi ikupatsidwa kholo lotchuka chonchi, ndimayamba ndafunsa kuti anthu wamba amene ankakhala pafupi ankaweta chiyani.

Nanga zija amati mbuzi za Captain Cook?

Zimenezi zili pachilumba cha Arapaoa, chimene kale chinkalembedwa Arapawa, kumpoto kwa chilumba chakumwera cha New Zealand. Ndi mbuzi zazing'ono, za mizere yakuda kumaso, atonde ake a nyanga zotambasukira m'mbali. Nkhani yake ndi yabwino kuiunika chifukwa pano zolembedwa zilipo ndithu, koma sizikuthetsa mkangano.

James Cook anatsitsadi mbuzi ziwiri, yaimuna ndi yaikazi, m'dera limeneli mu 1773. Koma atabwerera chaka chomwecho anamva kuti zaphedwa. Mu 1777 anapereka zina ziwiri kwa mfumu ina ya Amaori. Kuchokera pamenepo zolembedwa zikukhala chete kwa zaka makumi asanu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1820, osaka anamgumi anamanga msasa pa Te Awaiti, pachilumba chomwecho, ndipo pofika 1839 mlendo wina analemba kuti pamsasapo panali mbuzi zambiri. Kodi zinali zidzukulu za ziwiri za mu 1777 zija, kapena osaka anamgumiwo anabwera ndi zawo? Njira zonse ziwiri ndi zotheka, ndipo n'zothekanso kuti magazi anasakanikirana.

Palinso china. Kwa zaka zambiri okonda mbuzizi ankati ndi mtundu wakale wa ku England umene kwawoko unasowa. Koma chombo chochokera ku England sichinkanyamula ziweto za ku England zokha. Pa ulendo wake wachiwiri, Cook anaima ku Cape Verde ndiponso ku Cape Town, madoko amene zombo zinkagulako ziweto. Choncho ngakhale titavomereza kuti mbuzi inatsika m'chombo cha Cook, funso la kwawo likadali chilili. Ikhoza kukhala mbuzi ya mu Africa muno.

Mkanganowu unatentha m'zaka za m'ma 1970, pamene boma linaganiza zopha mbuzizi kuti lipulumutse nkhalango ya pachilumbapo. Mayi wina wokhala komweko, Betty Rowe, analimbana ndi boma kwa zaka zambiri mpaka anapatula malo ake kukhala pothawirapo mbuzizo. Dzina la Cook linali chida chake chachikulu pankhondoyo, pakuti mbuzi ya Cook ndi chuma cha dziko, pamene mbuzi ya msodzi wosadziwika ndi chilombo chowononga mitengo.

Kodi palibe chizindikiro chimene chimatsala pa mbuzi yeniyeniyo?

Nkhani yodziwika kwambiri ya chizindikiro ndi ya ku Juan Fernández. Mbuzi za kumeneko ambiri amati zinabwera ndi Juan Fernández mwiniwake, amene anapeza zilumbazi mu 1574, kapena ndi anthu oyamba amene anayesa kukhalako pambuyo pake. Mu 1704, mmalinyero wa ku Scotland, Alexander Selkirk, atakangana ndi mkulu wa chombo chake, anasiyidwa pachilumbapo yekhayekha. Anakhala zaka zinayi ndi miyezi inayi. Wonga wa mfuti utatha, anayamba kuthamangitsa mbuzi ndi miyendo, wopanda nsapato, mpaka mapazi ake anauma ngati chikopa. Ankadya nyama yake, n'kusoka zikopa kukhala zovala ndi msomali. Zina akagwira ankazicheka khutu n'kuzimasula, monga amachitira mwini ziweto kuti zidziwike. Anapulumutsidwa mu 1709, ndipo nkhani yake ndi imene ambiri amati inathandiza Daniel Defoe kulemba buku la Robinson Crusoe mu 1719.

Mu 1741, amalinyero a George Anson anafika pachilumbacho akudwala kwambiri. Mbuzi yoyamba imene anapha inali tonde wokalamba, wa ndevu zazitali, wochekedwa makutu. Onse anati ameneyu anadutsa m'manja mwa Selkirk. Koma tawerengani zaka: kuchokera 1709 kufika 1741 ndi zaka 32, pamene mbuzi ikakwanitsa zaka 15 ndiye kuti yakalamba zedi. N'zosavuta kukhulupirira kuti panali munthu wina amene anakhala pachilumbapo pakati pa zaka zimenezi, nayenso wodziwa kucheka khutu la mbuzi, amene dzina lake silinalowe m'buku. Khutu linali lochekedwa ndithu. Wocheka ndiye anachita kumuganizira.

Lero kuli DNA. Bwanji osangoyeza magazi nkhani n'kutha?

DNA yathandiza kwambiri, makamaka pogwetsa nkhani zabodza. Mbuzi za pachilumba cha San Clemente, kufupi ndi California, anthu ankati zinasiyidwa ndi amalinyero a ku Spain. Zolembedwa zinadzaonetsa kuti zinawolotsedwa kuchokera pachilumba choyandikana nacho cha Santa Catalina mu 1875. Kenako mu 2007 akatswiri a ku yunivesite ya Córdoba ku Spain anaziyerekeza ndi mitundu ya mbuzi za kwawoko, n'kupeza kuti sizikugwirizana nazo. DNA inanena kumene sizinachokere. Kumene zinachokera sinanene.

Zifukwa zake ndi zitatu, ndipo choyamba ndicho chachikulu. Gulu lonse likachokera kwa makolo atatu kapena asanu, limanyamula kachigawo kochepa chabe ka chibadwa cha mtundu wake. Pachibale zikamakwerana mibadwo makumi ambiri, zizindikiro zina zimasoweratu, zina zimene zinali zosowa zimafalikira gulu lonse, mwamwayi chabe. Chilala chikapha zambiri, kapena alenje akatsala pang'ono kuzimaliza, zotsalazo zimayambanso ndi kachigawo kocheperako. Ku Juan Fernández, akuluakulu a Spain anatsitsako agalu dala kuti amalize mbuzi, achifwamba asowe ndiwo, ndipo anthu a Anson anapeza zatsala zochepa m'maphompho momwe agalu sankafika. Gulu lodutsa m'mipata yopapatiza chonchi, ukaliyeza limaoneka losiyana ndi mbuzi zonse padziko. Kusiyanako sikutanthauza kuti ndi lakale kwambiri. Kungatanthauze kuti makolo ake anali ochepa.

Chachiwiri, kuti udziwe kwawo kwa mwana uyenera kukhala ndi abale ake oti umufanizire nawo. Mbuzi zimene zinkagulitsidwa pamadoko zaka 300 zapitazo zambiri kulibenso. Zinasakanizidwa ndi mitundu yamakono ya mkaka ndi ya nyama, monga tikuoneranso kuno atonde a Boer akalowa m'khola la mbuzi zachikuda.

Chachitatu, mbuzi ndi chiweto chimene chayenda kwambiri. Ndi yaing'ono, imakwana m'bwato, imapirira ludzu, imapereka mkaka paulendo. Akatswiri atayeza DNA yochokera kwa make, anapeza kuti mbuzi zoposa 90 pa 100 zilizonse padziko lonse zili m'mzere umodzi. Mbuzi ya ku Mongolia ndi ya ku Portugal zingafanane pa chizindikiro chimenechi. N'chifukwa chake lero amayeza chibadwa chonse, kuphatikizapo chochokera kwa tonde, ndiponso DNA ya m'mafupa akale.

Mafupa akalewo sanganene chaka?

Anganene, akapezeka. Njira yoyeza kaboni m'fupa imapereka zaka zake, koma pa zaka 300 zapitazi, zomwe ndi nthawi imene zombo zambiri zinkasiya mbuzi, muyesowu sulozera chaka chimodzi molunjika. Kuwonjezera apo, mafupa a mbuzi ndi a nkhosa amafanana kwambiri, makamaka akaphwanyika. Ndipo fupa la mbuzi la zaka 2,000 pachilumba limangosonyeza kuti panafika mbuzi, mwina yophedwa kale. Silitsimikiza kuti zimene zikudya pamenepo lero ndi zidzukulu zake.

Vuto limeneli ndi limene lili pa Montecristo, kachilumba ka miyala ka ku Italy kokula pafupifupi masikweya kilomita 10, kamene Alexandre Dumas anakatchukitsa ndi buku lake. Ena amati mbuzi za kumeneko zinabwera ndi alimi oyambirira zaka zikwi zapitazo, monga kri-kri. Ena amati ndi za amonke amene anakhalako zaka mazana ambiri mpaka nyumba yawo inaphwasulidwa mu 1553. Pambuyo pake kachilumbaka kanasanduka malo osakirako nyama a banja lachifumu la Italy. Mbuzizo zili ndi mabala osiyanasiyana, chizindikiro chakuti magazi ake si a ulendo umodzi. Dziko la Italy linasankha kuzisunga. Chilumbachi ndi malo otetezedwa kuyambira 1971, ndipo pamene ankathira mankhwala ophera makoswe mu 2012, mbuzi zina anazitsekera mumpanda, zina n'kuzipititsa kumalo osungira nyama ku Rome.

Kodi mbuzi zitatu zingadzazedi chilumba? Ndipo zimamwa chiyani kopanda mtsinje?

Zingadzaze, ndipo apa umboni ulipo. Mu 1959 asodzi anatsitsa mbuzi zitatu pachilumba cha Pinta ku Galápagos. Pofika m'zaka za m'ma 1970 zinali zoposa 30,000. Masamu ake mlimi aliyense amawadziwa: bere la mbuzi ndi miyezi isanu, msoti umatenga bere usanathe chaka, mapasa ndi osasowa, ndipo kumeneko kulibe chilombo, kulibe maliro kapena ukwati wofuna ndiwo.

Madzi zimawapeza m'masamba, m'mame a m'mawa ndi m'tizithaphwi ta pamiyala. Pa Aldabra, ku Seychelles, ofufuza anaziona zikumwa ngakhale madzi a m'nyanja yamchere.

Nanga zikulakwira ndani, poti kulibe munda wa munthu?

Zikulakwira chilumbacho. Zomera za pazilumba zakutali zinakula kwa zaka mamiliyoni popanda nyama yodya masamba ngati mbuzi, choncho zambiri zilibe minga, zilibe kuwawa, zilibe njira yodzitetezera. Mbuzi imadya mbande iliyonse ikangotuluka. Mitengo yakale ikafa palibe yolowa m'malo, mvula imakokolola dothi, patsala thanthwe. Charles Darwin atafika pa St Helena mu 1836 analemba za nkhalango zimene zinatha motere. Mtengo wina wa pachilumbapo, umene anthu ankati unatheratu, unadzapezeka mu 1980: tizitsamba tiwiri tokha, tili paphompho pomwe mbuzi sinkafika. Pa Pinta, mbuzi zinamaliza chakudya cha akamba akuluakulu, amene anali atachepa kale chifukwa amalinyero ankawadya. Womaliza wa mtundu wake, Lonesome George, anapezeka mu 1971 ndipo anafa mu 2012.

Ku Galápagos anachita kulengeza nkhondo. Pakati pa 1997 ndi 2006, ntchito yotchedwa Project Isabela inapha mbuzi zoposa 140,000, ndi alenje apansi, agalu ndi mahelikopita. Zotsala zochepa, zimene zinaphunzira kubisala, anazipeza ndi njira yomvetsa chisoni. Mbuzi sikhala yokha, imafuna zinzake. Ndiye ankagwira imodzi, n'kuifula kuti isabereke, n'kuimanga kawailesi m'khosi, n'kuimasula. Iyo inkapita kukafuna gulu, alenje akuitsatira. Ankawombera zonse n'kusiya yokhayo kuti ikafunenso zina. Anaitcha mbuzi ya Yudasi, ngakhale kuti iyo sinkadziwa chimene ikuchita.

Ndiye kudziwa kumene zinachokera kumasintha chiyani?

Kumasintha dzina limene lamulo limaipatsa nyamayo. Kri-kri inafika pa Crete ndi anthu, monga mbuzi za pa Pinta. Koma poti inafika kalekale, ndipo ili m'zojambula za anthu akale a pachilumbapo, imatengedwa ngati mwini dziko. Cha m'ma 1960 zitatsala zosakwana 200, boma la Greece linakhazikitsa malo otetezedwa a Samaria mu 1962, ndipo zina zimasungidwa patizilumba tating'ono toyandikana ndi Crete kuti zisasakanikirane ndi mbuzi za m'midzi. Yobwera dzana imatchedwa mlendo wowononga. Kusiyana kwa ziwirizi ndi zaka, ndipo zakazo nthawi zambiri n'zimene palibe akuzidziwa bwino.

Ine ndikuona kuti funso la chiyambi lapatsidwa katundu woposa mphamvu zake. Mtengo umene umapezeka pachilumba chimodzi chokha padziko lonse ukatha, watha, pamene mbuzi padziko pano zilipo zoposa biliyoni imodzi. Kumene mbuzi zikumaliza chilumba ziyenera kuchoka, kaya zinabwera ndi Cook kaya ndi msodzi. Koma kuchotsa si kumaliza. Gulu limene lakhala mibadwo yambiri popanda dibi, popanda katemera, popanda chitsime, lili ndi kanthu m'magazi mwake kamene alimi a kumadera ouma angadzakafune, ndipo kufunika kumeneko sikudalira dzina la amene anazisiya.

Pa Auckland Islands anachedwa kuganiza zimenezi. Mbuzi zomaliza zinaphedwa pofika 1992, zochepa zimene anapita nazo kumtunda sizinapitirize mtundu, ndipo mbuzi yopirira kuzizira ndi mvula ya kumeneko kulibenso. Pa San Clemente, pamene asilikali apamadzi a America anayamba kuchotsa mbuzi zoposa 10,000 mu 1972, bungwe la Fund for Animals linapita kukhoti, ndipo zikwi zingapo zinatulutsidwa zamoyo. Yomaliza pachilumbapo inachoka mu 1991, koma mtunduwo ukadalipo m'makola a alimi ochepa.

Njira imene ndimaiyamikira ndi ya pa Redonda, thanthwe lalitali la dziko la Antigua and Barbuda. Mbuzi zake za nyanga zazitali ena amati zinasiyidwa ndi amalinyero oyambirira a ku Ulaya, pamene chilumbachi chinakhalanso ndi okumba zitosi za mbalame kuyambira m'zaka za m'ma 1860 mpaka nthawi ya nkhondo yoyamba yapadziko lonse. Zinali zitadya chilichonse mpaka zinayamba kufa ndi njala. Mu 2017 anazigwira, pafupifupi 60, n'kuzinyamula pa helikopita kupita nazo ku Antigua, n'kuphanso makoswe onse. M'zaka zochepa thanthwe lotuwa lija linabiriwira, mbalame za m'nyanja n'kuyamba kuchuluka.

Kodi zimenezi ndi za kale lokha, kapena zikuchitikabe?

Zikuchitikabe. Kumpoto kwa Sicily kuli kachilumba ka Alicudi, kopanda galimoto, komwe katundu amakwezedwa m'makwerero a miyala pamsana pa nyulu. Anthu okhalapo ndi pafupifupi 100. Mu 2024 mbuzi zinawerengedwa kuti zafika pafupifupi 600, zikutsika kuphiri kudzalowa m'minda ndi m'nyumba, zikugwetsa mipanda ya miyala. Meya Riccardo Gullo analengeza kuti aliyense wofuna atha kudzatenga mbuzi mpaka 50, bola alembe kalata, alipire sitampu ya mayuro 16, ndipo abwere ndi bwato lake.

Mbuzi zimenezi si za m'nthawi ya amonke kapena achifwamba. Zafika anthu ali kale ndi mafoni m'thumba. Koma manyuzipepala atafunsa za chiyambi chake, yankho linali lakuti akuti mlimi wina anabwera nazo zaka pafupifupi 20 m'mbuyomo kuti aziweta, kenako n'kuzileka.